Mwaikidwa implant ya dzino, tsaya latupa: zoti mumwe, zoti musiye kaye, komanso nthawi yothamangira kwa adokotala

Munthu akangoikidwa implant funso lake limakhala limodzi basi, ndimwe chani kuti kutupaku kuthe msanga. Ndipo dzuwa lisanalowe achibale amakhala atabwera kale ndi mabotolo, uyu turmeric, uyu omega 3 wochokera ku Joni, azakhali ndi ufa wa chammwamba, wina wamva pa TikTok kuti juwisi wa chinanazi ndiye mankhwala ake. Onsewa akufuna kuthandiza, sindikutsutsa, koma zina mwa zimenezi zimapangitsa bala kutaya magazi, zina zimalimbana ndi mankhwala omwe mukumwa kale, ndipo zambiri zimangodya ndalama yomwe yatsala pambuyo pa bilu ya kuchipatala yomwe ndi yowawa kale. Ndiye tiyeni tiyende nazo mwa ndondomeko, kuyambira musanakhale pampando paja.

Poyamba mvetsani zomwe zachitika mkamwa mwanu. Implant ndi kachitsulo ka titanium kooneka ngati sikuluwu, dokotala amang'amba nkhama pang'ono, kuboola fupa la nsagwada, nkukamangirira mmenemo kuti kakhale muzu wa dzino latsopano. Njirayi inayamba ndi dokotala Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden amene anapeza kuti fupa limamera nkugwirana ndi titanium, ndipo munthu woyamba anamuika mu 1965 ku Gothenburg. Kugwirana kumeneku kumatenga miyezi itatu mpaka sikisi kutengera fupa lanu ndi malo omwe aikapo, zili ngati mzati womwe mwangouthira simenti, umafuna kuusiya osaugwedeza mpaka ziume. Tsono fupa laboodwa, nkhama yadulidwa, thupi lingangokhala chete? Limatumiza magazi ndi madzi ambiri pamalopo kuti ntchito yokonza iyambe, ndiye kutupa kuja. Kumakula pang'onopang'ono nkufika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenaka kumayamba kuphwa, pofika sabata kumakhala kwatha kapena kwatsala pang'ono. Ena amachita mikwingwirima patsaya mpaka kutsikira m'khosi, yakuda kenaka yachikasu, nazonso zimatha zokha. Choncho ngati mwadzuka tsiku lachiwiri nkupeza tsaya lakula kuposa dzulo musayambe kuimba mafoni kuti adokotala alakwitsa, ndi mmene zimayendera. Cholinga chathu sikuthetsa kutupa konse ayi, nkungokuchepetsa kuti muzitha kudya ndi kugona.

Sitepe yoyamba imayamba kutatsala masabata awiri

Sonkhanitsani chilichonse chomwe mumamwa, za kuchipatala, za ku famase, za azitsamba, ma tiyi ochepetsa thupi, maufa osakaniza m'phala, zonse muike m'jumbo mupite nazo kwa dokotala wa mano. Osati kungotchula pakamwa chifukwa maina ake timawaiwala ndipo botolo limodzi limatha kukhala ndi zinthu 15 mkati zolembedwa ting'onoting'ono kumbuyo. Madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni ku America amalangiza kusiya mankhwala azitsamba masabata awiri opaleshoni isanachitike, ndipo ambiri a mano amatsatira zomwezo.

Zomwe zimadetsa nkhawa kwambiri pa nkhani ya magazi ndi izi, ginkgo biloba, mapiritsi a adyo, ginseng, vitamin E wa mlingo waukulu, makapisozi a turmeric ndi a jinja. Ndikunena za mapiritsi ndi makapisozi, osati kadyo komwe mwathira mu ndiwo, kameneko kalibe mlandu. Omega 3 kapena mafuta a nsomba kale ankangoti siyani basi, pano madokotala ambiri saakuwopanso kwambiri, koma ngati wanu wanena kuti musiye musakangane naye, masabata awiri opanda omega 3 sangakupheni.

Koma pali mankhwala ena omwe simuyenera kusiya panokha ngakhale mutawerenga kuti amachepetsa kuundana kwa magazi. Aspirin yemwe munapatsidwa ndi dokotala wa mtima, warfarin, clopidogrel ndi anzawo, amenewa kusiya mwachisawawa kungakubweretsereni sitiroko, nkhani yaikulu kuposa dzino. Uzani wa mano, iye alankhulane ndi yemwe anakupatsani. Chimodzimodzi ngati mumamwa mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate kapena munabayidwapo denosumab kapena zoledronate, nenani musanaikidwe chifukwa amenewa nthawi zina amapangitsa fupa la nsagwada kukanika kupola. A shuga, kayezetseni HbA1c, kuyeza magazi koonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, shuga wokwera amachedwetsa bala ndipo palibe supplement, mapiritsi kapena maufa owonjezera pa chakudya aja, yomwe ingakonze zimenezo. Ndipo a fodya, apa ndiye pali nkhani, fodya amafinya timitsempha ta magazi m'nkhama ndipo ma implant amalephera kwambiri kwa osuta kuposa kwa osasuta. Ngati pali chinthu chimodzi choposa mabotolo onse a pa shelefu ndi kusiya fodya sabata kapena awiri musanaikidwe ndi miyezi ingapo pambuyo pake, shisha ndi vape zili momwemo.

Tsiku la opaleshoni ndi lotsatira lake

Apa ma supplement aiwaleni kaye, ntchito ili pa kuzizira ndi kupumula. Mukachoka adzakuikani kansalu ka gauze kuti mulume, lumani mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 30 osalankhula, osamakachotsa mphindi ziwiri zilizonse kuti muone ngati magazi asiya chifukwa mukutero mukusokoneza magazi omwe ayamba kuundana. Malovu ofiira pang'ono tsiku loyamba ndi abwinobwino. Ngati akutulukabe ndipo gauze watha, tengani tea bag wa tiyi wakuda wamba, munyowetse ndi madzi ozizira, mufinye, mulume kwa mphindi 30, muli tannin amene amathandiza magazi kugwirana. Rooibos ayi, wakuda uja wa ku Thyolo ndi Mulanje.

Ayisi mukulunge m'kansalu koyera, muike kunja patsaya mphindi 20, muchotse mphindi 20, mubwereze choncho tsiku lonse loyamba ndi lachiwiri mukakhala maso. Magetsi akazima monga mwa nthawi zonse, ma freezes ouma a pa okala amagwira ntchito, bola mukulunge osaika pakhungu mwachindunji. Pogona muike mapilo awiri kapena atatu mutu ukhale pamwamba, ndipo gonerani mbali yomwe sanagwireko. Osachukucha mkamwa, osalavula mwamphamvu, osamwera pa straw maola 24 oyamba, malovu akachuluka ingowasiyani atsike okha m'beseni. Kulima, jimu, kunyamula zidebe, kuwerama pochapa, zisiyeni masiku atatu, magazi akathamanga bala limagunda ndipo kutupa kumawonjezereka. Lilime nalo limakonda kukafufuza ulusi womwe asokera bala, liletseni.

Ngati implant ili m'mwamba chakumbuyo ndipo anakuuzani kuti akweza sinus, mphako ya mpweya yomwe ili pamwamba pa mano akumbuyo pafupi ndi mphuno, musamine pafupifupi masabata awiri, ndipo poyetsemula tsegulani pakamwa.

Mankhwala a ululu, amenewa ndiye amagwiradi ntchito

Pa kutupa ndi ululu wa mano zomwe zili ndi umboni wamphamvu ndi ibuprofen, yemwe ambiri timangoti bulufeni, pamodzi ndi panado. Bungwe la madokotala a mano ku America la ADA mu malangizo ake a 2024 linaika mankhwala a mtundu wa ibuprofen, paokha kapena pamodzi ndi paracetamol, kukhala oyamba pa ululu wa mano. Kwa munthu wamkulu wathanzi nthawi zambiri ndi 400 mg ya ibuprofen maola 8 aliwonse mutadya, osapitirira 1200 mg patsiku pokhapokha dokotala atanena, ndi panado mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse osapitirira 8 pa maola 24. Yambani dzanzi la jakisoni lisanathe, musadikire kuti ziwawe kaye. Ndipo ndi za masiku ochepa, atatu mpaka asanu, osati mwezi.

Bulufeni si wa aliyense. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mtima, muli oyembekezera, mukumwa warfarin, kapena asima wanu amavuta mukamwa aspirin, uzani dokotala akupezereni zina. Musaphatikize bulufeni ndi diclofenac kapena Indocid poganiza kuti zigwira kawiri, onsewa ndi banja limodzi ndipo chomwe chimawirikiza ndi kuwonongeka kwa m'mimba ndi impso. Amene muli ku Joni chenjerani ndi Grand-Pa, muli aspirin komanso paracetamol, ndiye mukamwa pamwamba pa panado mwapyola mlingo komanso magazi pabala sakugwirana. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol mkati, werengani paketi. Ndipo chizolowezi chija choika piritsi la aspirin pankhama kuti lisungunukire pomwepo chimawotcha mnofu, pabala la implant musayerekeze.

Ma antibiotic, ena amapatsidwa amoxicillin ola limodzi opaleshoni isanayambe basi, ena amapitiriza masiku angapo, tsatirani zomwe mwalemberedwa. Ngati pali Flagyl, mowa ayi mpaka patadutsa maola osachepera 48 mutamaliza, ndipo Flagyl ndi warfarin zimakweza chiopsezo chotaya magazi choncho wokulemberani adziwe. Madokotala ena amapereka mankhwala amphamvu otchedwa dexamethasone kuti kutupa kuchepe, zili bwino akapereka iwo, koma kukagula nokha ayi, amakweza shuga ndipo amafooketsa chitetezo pa nthawi yomwe mukuchifuna.

Maola 24 akadutsa

Tsopano yambani kuchukucha ndi madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, katatu kapena kanayi patsiku makamaka mukatha kudya. Mofatsa, kungopendeketsa mutu uku ndi uku madzi azidutsa okha. Madzi akhale owiritsa ngati a kwanu simuwakhulupirira. Ngati munapatsidwa mankhwala ochukuchira mkamwa a chlorhexidine, ku UK ndi ku South Africa mumaidziwa ngati Corsodyl, gwiritsani monga ananenera, kawirikawiri kawiri patsiku sabata imodzi kapena awiri, ndipo pakhale mphindi 30 pakati pa iyo ndi mankhwala otsukira mano chifukwa zimafooketsana. Imadetsa mano ndi lilime pang'ono, zimachoka. Mano ena onse pitirizani kutsuka ndi mswachi wofewa, pabala pokha ndi pomwe muzilambalala masiku oyamba. Ambiri amasiyiratu kutsuka poopa kupweteka ndiye mkamwa mumadzadza zonyansa, kutupa kwenikweni koipa kumayambira pamenepo. Kuyambira tsiku lachitatu ayisi sathandizanso, sinthani muziika kansalu kofunda patsaya, kamathandiza nsagwada yomwe yauma kuti iyambe kutseguka.

Tsopano tibwere ku mabotolo aja

Ndiyambe ndi bromelain poti ndi yemwe amatchulidwa kwambiri. Amachokera ku chinanazi, makamaka ku tsinde lake, ndipo pa kafukufuku wa anthu ozulidwa mano akumbuyo kwenikweni anaoneka kuti amachepetsa kutupa ndi ululu pang'ono. Pang'ono ndithu, ndipo zambiri zinayesedwa pa kuzula dzino osati pa implant. Mwa onse ndi yekhayu yemwe ndingati funsani adokotala ngati angakuloleni, koma naye amatha kuwonjezera kutaya magazi, ndiye wa warfarin kapena aspirin asamuyandikire, chimodzimodzi amene chinanazi chimamuyabwa. Za kumwa malita a juwisi wa chinanazi usiku woti mawa opaleshoni zija, mungodzipatsa shuga wambiri, asidi pa mano ndi m'mimba mopotokola. Ndipo juwisi wa m'paketi anawiritsidwa kale kufakitale, bromelain amafa ndi kutentha.

Vitamin C thupi limamufunadi popanga collagen yomwe imatseka bala, apa palibe bodza. Koma munthu wamkulu amafuna 75 mg patsiku ngati ndi mayi, 90 mg ngati ndi bambo, osuta awonjezere 35 mg, ndipo gwafa mmodzi wamkulu amapitirira pamenepo. Papaya wakupsa ndi wofewa ndipo saluma pabala, malambe osungunula m'phala lozizira alinso naye wambiri. Magwafa muwasefe kaye chifukwa njere zake zimakalowa pa ulusi. Ngati mukufunabe piritsi, laling'ono lomeza ndi madzi likwanira, osati otafuna kapena osungunula aja owawasa omwe amaluma pachilonda. Kupitirira 2000 mg patsiku kumatsegula m'mimba ndipo kwa ena kumathandizira miyala ya mu impso. Bala silipola kawiri chifukwa mwamwa kawiri, wotsala amangotuluka ndi mkodzo.

Vitamin D ndiye amene ndimamupatsa ulemu pang'ono pa nkhani ya implant, osati chifukwa amachotsa kutupa kwa sabata yoyamba, sachotsa, koma chifukwa ndi amene amathandiza thupi kuyamwa calcium, ndipo madokotala ena aona kuti anthu omwe ali naye wochepa kwambiri m'magazi ma implant awo amatha kulephera koyambirira, ngakhale umboni wake sunakhwime. Amene ali kumudzi kuno ndipo amayenda padzuwa tsiku ndi tsiku mwina alibe vuto, koma abale athu a ku UK, Ireland ndi maiko ena ozizira, makamaka ogwira ma shifiti a usiku, nkhaniyi ndi yanu. Khungu lakuda limapanga vitamin D pang'onopang'ono dzuwa likakhala lofooka, ndipo NHS, nthambi ya zaumoyo ya boma la UK, imalangiza 10 micrograms patsiku, yomwe ndi 400 IU, nyengo yozizira, ndipo kwa a khungu lakuda chaka chonse. Njira yabwino ndi kuyezetsa magazi miyezi ingapo musanaikidwe implant, akakupezani wochepa akupatseni mlingo woyenera pa nthawi yake. Panokha musapitirire 4000 IU patsiku, ameneyu satuluka ndi mkodzo, amaunjikana nkukweza calcium m'magazi mpaka kuvulaza impso.

Calcium munthu wamkulu amafuna pafupifupi 1000 mg patsiku ndipo ndi bwino achokere ku chakudya, mkaka, chambiko, yogati, bonongwe, usipa wodya ndi minga yomwe. Kungoti sabata yoyamba usipa ndi matemba muzisinje zikhale ufa nkuthira mu msuzi kapena m'phala, kaminga kamodzi kakabaya pa ulusi mudzalira. Zinc nayenso amathandiza bala ngati thupi likumusowa, amafunika 8 mg patsiku kwa amayi ndi 11 mg kwa abambo, malire ndi 40 mg, ndipo pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru, kusanza ndi mkamwa mosokedwa si zinthu zoti muyese.

Apa pali chenjezo lomwe sindikufuna lidutse mwachangu chifukwa likukhudza anthu ambiri kwathu kuno. Ngati muli pa ma ARV a TLD, omwe Malawi inayamba kupereka kwa ambiri mu 2019, muli dolutegravir mkatimo, ndipo calcium, iron, zinc, magnesium ndi ma multivitamin okhala ndi zimenezi amamugwira m'mimba osalowa bwino m'magazi. Ngakhale magnesium trisilicate uja timatafuna chifukwa cha kutentha pamtima amachita zomwezo. Lamulo lake imwani ARV maola awiri musanamwe zimenezi, kapena padutse maola 6 mutazimwa, calcium ndi iron okha amaloledwa nthawi imodzi ngati mukumwera pa chakudya, koma kafunseni ku kiliniki yanu kuti akukonzereni nthawi. Mankhwala a chitsamba otchedwa St John's wort ndiye musayandikire nkomwe, amafooketsa ma ARV, mapiritsi olera ndi warfarin. Ndipo dokotala wa mano muuzeni kuti muli pa mankhwala, si zochititsa manyazi, munthu yemwe viral load yake ili pansi amaikidwa implant bwinobwino. Calcium, iron ndi zinc yemweyo amalepheretsanso doxycycline ndi ciprofloxacin, ngati mwapatsidwa amenewa muwatalikitse.

Turmeric anthu amamukonda kwambiri ndipo zoona curcumin, yemwe amapezeka mu turmeric, ali ndi mphamvu yochepetsa kutupa mu labu, koma m'thupi amalowa wochepa kwambiri, nchifukwa chake opanga amamusakaniza ndi piperine wa mu tsabola wakuda kuti alowe wambiri, ndipo mitundu yamphamvu imeneyi ndi yomwe yatchulidwa pa nkhani za anthu ovulala chiwindi ku Italy, Australia ndi America. Onjezani kuti amachedwetsa magazi kuundana komanso mukumwa kale panado ndi antibiotic zomwe zikudutsa pachiwindi chomwecho, ine ndingati sabata ziwiri zoyamba asiyeni m'kabati. Wothira mu mpunga alibe vuto. Kupaka phala la turmeric, adyo wosinja, mafuta a clove kapena aloe vera pabala penipeni ayi ndithu, adyo waiwisi amawotcha nkhama ngati moto.

Arnica ndi chitsamba, timapiritsi take tating'ono ta homeopathy, tomwe amachisungunula mobwerezabwereza, mulibe chilichonse chogwirika moti sitipweteka komanso umboni woti timathandiza ndi wofooka. Chitsamba chenichenicho ndi poizoni mukameza ndipo mafuta ake sapakidwa pabala lotseguka kapena mkamwa. Ufa wa collagen ukafika m'mimba umagayidwa ngati puloteni wina aliyense, mazira awiri achita ntchito yomweyo pa mtengo wochepa. Ma probiotic, tizilombo tabwino ta m'mimba, angathandize ngati antibiotic wakutsegulani m'mimba, yogati wopanda shuga kapena chambiko zimathandizako. Chammwamba ngati ndiwo idyani, ndi masamba abwino, koma masupuni a ufa katatu patsiku pamwamba pa mankhwala a shuga kapena a BP angagwetse zinthu mopitirira.

Ndiye pali ma pakeji aja ogulitsidwa pa WhatsApp ndi pa tchalitchi, otsuka magazi, okweza chitetezo, ochiza matenda 40 botolo limodzi. Wogulitsa akhoza kukhala mnzanu wapamtima koma iye sadziwa zomwe zili mkati kuposa inu. Ngati mukugula supplement iliyonse gulani ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi, yang'anani deti, ndipo botolo lomwe silikulemba mlingo wa chilichonse chili mkati libwezeni.

Zakudya, pomwe ndalama ya ma supplement ikanapita

Bala limamangidwa ndi puloteni, ndipo vuto lomwe limachitika ndi loti munthu poopa kutafuna amakhala sabata yonse pa tiyi ndi supu wamadzi, kenaka nkumadabwa kuti wafooka ndipo bala likuchedwa. Tsiku loyamba idyani zozizira kapena zofunda pang'ono, zotentha zimayambitsanso magazi komanso ndi dzanzi lija mutha kudziwotcha osamva. Yogati, nthochi yophwanya, peyala, phala la Likuni lozizira lothira mkaka. Kuyambira tsiku lachiwiri mazira ofewa, futali, maungu, mbatata ya kachewere yophwanya, nyemba zophikidwa mpaka kusungunuka nkusefa makoko, chambo chochotsa minga bwinobwino, nsima yofewa timbamu ting'onoting'ono ndi msuzi wambiri kapena therere. Nsinjiro zikhale zosalala kwambiri, zokhala ndi timibulu zimakatsalira pabala. Tafunirani mbali ina. Chimanga chokazinga, chowotcha, mtedza, nzimbe, tchipisi cha pachiwaya chouma chija, kanyenya, mbuliwuli, tsabola wa kambuzi, zonsezi zidikire, ndipo nzimbe ndi mafupa zidikire mpaka dokotala atanena kuti implant yagwira, ngakhale atakuikani dzino longoyembekezera pamwamba. Madzi imwani ambiri. Mowa usiyeni sabata yoyamba yonse ngakhale simuli pa Flagyl.

Nthawi yosiya zonse nkuimbira dokotala

Kutupa kwabwino kumakula mpaka tsiku lachitatu kenaka kumatsika. Ngati tsiku lachinayi kapena lachisanu kukukulabe, kapena kunaphwa kenaka kwabweranso, tsaya lalimba, lafiira, likutentha, ululu ukugunda ndipo mankhwala sakuugwira, mafinya akutuluka kapena mkamwa mukumveka kukoma koipa ndi fungo, imeneyo ndi infekishoni ndipo sichizidwa ndi vitamin C. Thupi likatentha kupitirira 38, kwathu kuno maganizo amathamangira ku malungo, kayezetseni ndithu chifukwa zitha kukumana, koma musangomwa LA nkugona, wa mano naye adziwe tsiku lomwelo. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi, lilime kukwera, kuvutika kumeza malovu kapena kupuma, kapena kukwera mpaka kutseka diso, musadikire kuti kuche, pitani ku chipatala chachikulu usiku womwewo. Magazi odzadza mkamwa omwe sakusiya mutaluma gauze kawiri mphindi 30, chimodzimodzi. Zidzolo, kuyabwa ndi kutupa milomo mutamwa amoxicillin, siyani kumwa muthamange.

China chomwe anthu amachinyalanyaza ndi dzanzi. La jakisoni limatha pakadutsa maola angapo. Ngati mwadzuka mawa lake mlomo wa m'munsi kapena chibwano chikadali chakufa mbali imodzi, imbani m'mawa womwewo, mwina implant yayandikira mtsempha wodutsa mu nsagwada ndipo zikakonzedwa msanga mwayi wochira umakhala waukulu. Musayambe kumwa vitamin B complex nkumadikira sabata. Kachitsulo kakamagwedezeka nakonso musakayese ndi chala, nthawi zina ndi kachivindikiro kapamwamba kokha komwe kamasuka ndipo amangokamanga, koma woona ndi dokotala.

Sabata yachiwiri kupita kutsogolo

Ulusi amachotsa pakati pa masiku 7 ndi 14 ngati suli wosungunuka wokha. Pa ulendo umenewo ndi pomwe mufunse kuti ma supplement anu akale muyambirenso liti, ambiri amaloledwa bala likatsekeka. Kuchokera apo kutupa komwe muyenera kukuopa ndi kwina, kwa pang'onopang'ono kosapweteka, nkhama yozungulira implant kufiira ndi kutuluka magazi potsuka. Poyamba kumakhala kwa nkhama yokha ndipo kumatha mukatsuka bwino ndi kukachotsetsa zokanirira kuchipatala, koma mukakulekerera kumafika pa fupa, madokotala amati peri-implantitis, fupa limayamba kudyeka mozungulira chitsulo ndipo kulibweza ndi kovuta. Implant siibowoka ngati dzino koma nkhama yake imadwala, makamaka kwa osuta, a shuga wosalamulirika ndi omwe anataya mano chifukwa cha matenda a nkhama. Mankhwala ake ndi mswachi kawiri patsiku, timaburashi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano, ndi kukaonedwa miyezi sikisi iliyonse kapena monga adokotala anenera.

Amene munakaikitsa kunja, kaya ku Johannesburg, ku India kapena ku Turkey, musakwere ndege yobwerera musanatenge pepala lolemba mtundu wa implant, kampani yake, kukula kwake, ndi ma X-ray anu pa foni kapena pa imelo. Makampani ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi tizitsulo take tomasulira, dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangakuthandizeni msanga ngati sakudziwa chomwe chili m'fupa mwanu. Ndipo ngati nkotheka khalani komweko mpaka tsiku lachitatu lidutse ndipo akuoneninso kamodzi, komanso pezeranitu wa mano kuno yemwe wavomera kudzachotsa ulusi musananyamuke.